Mulu Umene Sunatembenuzidwe

Lamulungu lililonse, mapemphero akangotha, pabalaza pa mayi Falesi pankadzaza ngati minibasi ya ku Malomo tsiku la msika. Mwana wawo Trust anawatumizira wailesi ya kanema ndi sola kuchokera ku Joni, ndipo chifikireni katunduyo amayi a m'mudzimo anazindikira mwadzidzidzi kuti amawakonda kwambiri mayi Falesi. Ngakhale aja amene kale moni unkawalemera pakamwa anayamba kubwera ndi mtedza ndi nthochi, n'kumafunsa za bondo lija lovuta. Chimene chinkawasonkhanitsa chinali sewero la kuchipatala lotchedwa Wodi Yachitatu, limene linkayamba 3 koloko masana.

Mu seweroli munali anthu oipa awiri, ndipo amayiwo ankadana nawo mosangalala, poti munthu wa mu kanema sangakumve n'kukakunenera. Woyamba anali Dokotala Elifala, bambo wa chimimba, wa mawu ngati lole ikukwera chitunda. Ameneyu ankakalipira aliyense, odwala, manesi, ngakhale chitseko chikakana kutseguka. Wachiwiri anali Sisitala Peggy, mkazi wosalala, womwetulira nthawi zonse, woitana wodwala aliyense kuti “m'bale wanga”. Koma ndi yemweyo amene ankasintha mayina pa mndandanda wa opita ku opaleshoni, kuika anthu ake patsogolo, zikavuta n'kumalira limodzi ndi ofedwa.

Tsiku limene tikunenali, nkhalamba ina ya mu sewero inafera m'khonde la chipatala ikudikira. Dzina lake linali loyamba, koma Peggy analifufuta n'kulembapo la mlamu wake. Mkazi wa nkhalambayo atapita kukadandaula, Elifala anamutulutsa mu ofesi ndi mawu oti sitingawabwereze pano. Sewero linathera pamenepo, wamasiyeyo akutukwana dokotala, Peggy atamukumbatira, onse awiri misozi ili chuchuchu.

“Mfiti ndi ameneyu!” anatero Talandira, mayi wogulitsa zitumbuwa, amene sankatha kuonera kanema osawayankha anthu a m'katimo. Analoza Peggy ndi khoko la nthochi. “Elifala ndi wamwano chabe. Wamwano umamumvera patali, umakonzeka. Koma kamayi aka kamakupha kakukusisita kumsana.”

“Ayi, a Talandira, inu simunakumane nazo,” anayankha Lusiya, amene nthawi zonse ankakhala pansi, pafupi ndi miyendo ya mayi Falesi. Lusiya anachokera ku Phalombe ali mtsikana, kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya ya kutsidya kwa mtsinje, ndipo sanabwererenso kukakhala kwawo. “Munthu wokukalipira mwana akutentha kumsana kwako, woipa ndi ameneyo. Za Peggy n'zoipa, sindikukana, koma iyeyu amaona kuti ndiwe munthu. Amakugwira dzanja. Elifala amakuona ngati mbuzi yalowa mu ofesi.”

“Kukugwira dzanja atakupha kale?”

“Ndikuti simunakumane nazo.”

Pabalaza panagawanika. Wina anati Elifala amakalipa chifukwa ntchito yamuchulukira, wina anati kutopa si chilolezo chotukwanira anthu. Mayi wina anayerekeza kunena kuti Peggy wangochita zimene aliyense angachitire mlamu wake, ndipo onse anamuukira mpaka anabisa nkhope m'chitenje. Potsiriza maso anatembenukira kwa eni nyumba. Paja mayi Falesi anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zitatu pa chipatala chaching'ono cha kuseri kwa phiri, kukolopa, kuyeza ana pa sikelo, ndi kulowetsa mabuku a odwala kwa adokotala.

“Mayi, tiweruzeni ndinu,” anatero Lusiya akuwagwira bondo. “Woipa kwambiri ndani?”

“Anthu ongosewera awa,” anatero mayi Falesi. “Akachoka pamenepa amakadyera limodzi chipisi.” Anadzuka kuti azimitse kanema, batire lingathe. 

Sikuti yankho analibe. Anali nalo, ndipo anali atakhala nalo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, likuwadya pang'onopang'ono. Chimene chinalidzutsa tsiku limenelo si sewero lokha ayi. M'mawa wa tsiku lomwelo kutchalitchi, mlembi anawerenga mayina a anthu amene asankhidwa kukhala akulu a mpingo, n'kunena kuti amene ali ndi chifukwa pa aliyense wa iwo abwere kwa abusa Lachitatu. Limodzi mwa mayinawo linali la a Solomoni, amene kale anali dokotala pa chipatala chija, ndipo atapuma pa ntchito anadzamanga m'dera lomwelo. Dzinalo litamveka, mayi Falesi anaona msana wa Lusiya ukuuma pa benchi ya kutsogolo kwawo.

Pachipatala paja panali kachitidwe kake. Odwala akafika ankasanja mabuku awo a kuchipatala pa tebulo la pakhonde, lina pamwamba pa linzake. Wofika mbandakucha buku lake linkakhala pansi penipeni, wofika dzuwa litakwera lake linkakhala pamwamba. Ntchito ya mayi Falesi inali yophweka: kunyamula muluwo, kuutembenuza kuti la pansi libwere pamwamba, n'kukauika pa tebulo la adokotala. Adokotala ankangotenga la pamwamba n'kuitana dzina. Kutembenuza basi, chinthu choti ngakhale mwana wa sitandade wani akanatha.

M'mawa wina wa mu Febuluwale, nthawi ya malungo, mabuku anapitirira makumi asanu ndi limodzi. Mayi Falesi akuti anyamule mulu, anatulukira amayi Nankhoma, amene masiku amenewo anali wapampando wa gulu la amayi kumpingo, munthu woti akakukonda sabata yomweyo umapatsidwa udindo. Anaika buku lawo pamwamba, n'kumwetulira. “Tili ndi msonkhano 10 koloko, Anaphiri,” anatero. Sanapemphe kanthu. Anthu otere sapempha.

Mayi Falesi akanatha kusolola buku limodzilo n'kuliika patsogolo, monga ankachitira masiku ena, koma tsiku limenelo maso onse a pabenchi anali pa manja awo. Ndiye anachita chinthu chimene diso silingagwire. Ananyamula mulu n'kulowa nawo momwemo, osautembenuza.

Buku la pansi penipeni linali lokutidwa ndi pepala la shuga. Linali la Luckness, kamtsikana ka zaka ziwiri ka Lusiya, amene ananyamuka nako nkhuku zisanatsike, n'kuwoloka mtsinje madzi ali m'chiuno. Mayi Falesi ankati amayi Nankhoma akangotuluka akakonza. Koma kukonza kunkafuna kulowanso m'chipindamo n'kufotokozera a Solomoni, ndipo a Solomoni a masiku amenewo sankafotokozeredwa, ankabangula. Mayi Falesi anati dikirani ndiyambe ndayeza ana. Atayeza ana anati ndiyambe ndakolopa. Anthu a pabenchi anang'ung'udza poona obwera mochedwa akulowa, koma ankati ndi adokotala akusankha nkhope zodziwika. Lusiya anagogoda pachitseko kawiri. Kachiwiriko a Solomoni anasuzumira n'kukuwa kuti, “Kodi muli ndi mwana ndinu nokha? Khalani pansi!” Iye anakhaladi pansi, poti tenanti sakangana ndi munthu wa jasi yoyera. Luckness anatsirizika 1 koloko itatsala pang'ono kukwana, pa tebulo patatsala mabuku khumi ndi limodzi.

Amene anamumasula mwanayo kumsana anali mayi Falesi. Ndi iwo anamutseka maso, anamukulunga m'chitenje chawo chatsopano, anamuperekeza Lusiya mpaka ku esiteti, n'kukhala pa maliro mpaka kusesa. Analira, ndipo kunali kulira kwenikweni, asakunamizeni munthu. Kuyambira pamenepo Lusiya anawatenga kukhala mayi ake. Ankawatungira madzi, kuwapalirira m'munda, kuwapitira ku chigayo, ndipo bondo litayamba kuvuta ndi iye ankalithowa ndi madzi otentha. Anthu analembera boma kalata yodandaula za a Solomoni, boma linawasamutsira kutali, ndipo dzina lawo linasanduka chotukwanira m'midzi yonse ya kuseri kwa phiri. Mayi Falesi sananamepo ngakhale kamodzi pa nkhaniyi. Anangokhala chete, ndipo m'mene zaka zinkapita cheteyo ankalemera.

Amayi aja atabalalika, Lusiya anatsalira kusesa makoko a mtedza.

“Dzina lija mwalimva, Mayi?”

“Ndalimva.”

“Ndiye munthu ameneyo aziima kutsogolo n'kumagawa mgonero? Mkate uzichoka m'manja amene aja n'kumalowa m'kamwa mwanga?” Anaimika tsache. “Lachitatu ndikupita kwa abusa. Koma ine ndine wobwera, mawu anga ndi opepuka. Inu munalipo, ndipo inu amakumverani. Mukangonena zimene munaona, basi.”

“Ndi zakalekale izi, Lusiya.”

“Kwa ine ndi za dzulo, Mayi. Akanakhala ndi moyo bwenzi pano tikukamba za chinkhoswe chake.”

Mayi Falesi anali munthu wosatha kukana, matenda amene anthu amakonda kuwatchula kuti mtima wabwino. Anagwedeza mutu. Lusiya anagwada n'kuwomba m'manja kuthokoza, ndipo iwo anamva manyazi oti akanatha akanalowa pansi.

Lolemba mayi Falesi anakwera kabaza kupita ku msika wa ku Malomo, ati kukagula mchere, ngakhale mchere unalipo wodzaza botolo. Amene ankamuthawa m'maganizo ndi amene anakumana naye maso ndi maso pa mzere wa tomato. A Solomoni anali atakalamba, tsitsi lonse mbuu, chimawu chija chitaphwa. Anavula chipewa.

“Anaphiri, muli bwanji? Bondo likuti bwanji?”

“Likuyesera, adokotala. Kaya inu?”

“Udokotala unatha, pano ndine mlimi wa soya.” Anaseka pang'ono, kenako anayang'ana pansi. “Ndamva kuti mayi uja akupita kwa abusa, ndipo inu mukakhala mboni. Musavutike nazo mumtima. Kaneneni zonse. Ndinamukalipira, n'zoona. Buku lake ndinadzalipeza pansi penipeni, ndiye kwa zaka zambiri ndinkadzitonthoza kuti anachedwa yekha kubwera. Koma kuchedwa kapena kusachedwa, ndikanangovundukula chitenje n'kumuona mwanayo. Sekondi imodzi. Ukulu wa mpingo ndinkaufuna, sindikubisirani, ndinkati mwina ndi chizindikiro choti Mulungu anandikhululukira. Koma ngati mayiyo sanandikhululukire, ndiulandira bwanji?”

Mawu anafika pakhosi pa mayi Falesi. Anatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka chinali kufunsa mtengo wa tomato. Anagula milu iwiri yosafunika, natsanzika. Pa kabaza pobwerera analira mwakachetechete, wopalasa n'kumaganiza kuti ndi fumbi.

Lachiwiri lonse anali pa mlandu ndi mtima wawo, ndipo munthu akamadziweruza yekha amapeza maloya ambiri. Loya wina anati a Solomoni anakalipadi, ndiye kunena zimenezo si bodza. Wina anati mwana uja anafika atafooka kale, mwina akanapitabe. Wina anati amayi Nankhoma anamwalira kalekale, nkhani inapita nawo. Wochenjera kwambiri anati kuulula n'kumupweteka Lusiya kachiwiri, kumulanda mayi yekhayo amene ali naye kuno, ndiye kukhala chete ndi chifundo. Loya ameneyu mayi Falesi anamumvetsera nthawi yaitali, chifukwa ankalankhula mokoma.

Koma akati atseke maso ankaona nkhope ya Peggy, kumwetulira kuja, manja aja ofewa pa mapewa a wamasiye. Milungu yonse ankaonera seweroli mayi Falesi ankadana ndi Elifala mokweza kuposa aliyense, ndipo tsopano anadziwa chifukwa chake. Elifala kuipa kwake kunkathera pompo, anthu n'kumutukwana, iye n'kulipira. Peggy ankachoka pamaliro atathokozedwa. Ankadya za anthu amene anawalira. Mayi Falesi anayang'ana ndowa ya madzi imene Lusiya anatunga m'mawa umenewo, nkhuni zimene anawaza, ufa umene anapeta, ndipo anaona kuti m'nyumba monse mulibe chinthu chimene sichikuwaneneza. Anayesa kudwala. Anagona pamphasa n'kumabuula, kumvetsera ngati bondo lingatupe n'kuwapulumutsa. Bondo, limene linkavuta tsiku lililonse popanda chifukwa, tsiku limenelo linali bwinobwino.

Lachitatu Lusiya anafika 8 koloko, atavala bulauzi yake yoyera ya kutchalitchi. Anawanyamulira chikwama ndi ambulera, nayamba ulendo. Tchalitchi chinali pamwamba pa chitunda, njira yake yokhotakhota pakati pa minda ya fodya wongothyoledwa kumene. Lusiya anali patsogolo, akuyenda pang'onopang'ono kuti mayi ake asatsalire, uku akuwakumbutsa zokanena.

“Mukayambire pamene ndinagogoda koyamba. Mukanene kuti sanatsegule n'komwe. Kenako kachiwiri, mawu aja. Mukuwakumbukira, eti?”

“Ndikuwakumbukira.”

Pakati pa chitunda panali mwala waukulu pamene anthu okalamba ankapumirapo. Mayi Falesi anakhala pamenepo. Kumtunda denga la tchalitchi linkaoneka, ndipo panja pake panali njinga zitatu za akulu a mpingo.

“Lusiya, takhala pansi.”

“Tichedwa, Mayi.”

“Tsiku lija unafika woyamba.”

“Eya. Ngakhale mlonda anali asanatsegule geti.”

“Unayamba wadzifunsapo chifukwa chake sanakuitane woyamba?”

“Ankasankha anthu awo. Aliyense anaona.”

“Sankasankha. A Solomoni sankadziwa n'komwe kuti wabwera ndani. Ankangotenga buku la pamwamba.” Mawu awo anatuluka owuma ngati a munthu wina. “Wotembenuza mulu ndinali ine. Tsiku limenelo sindinautembenuze.”

Lusiya anawayang'ana. Kenako anaseka kaseko kakang'ono, kamantha.

“Munaiwala. Aa, Mayi, kuiwala aliyense amaiwala. Ndi chimene chakhala chikukudwalitsani masiku onsewa? Anthu anali ambiri, ntchito inakuchulukirani. Koma amene anandithamangitsa pachitseko si inu.”

Khomo linali lotseguka, ndipo amene analitsegula anali Lusiya mwini. Kungoti “eya, ndinaiwala”, akanakwera chitunda atagwirana manja, madzulo bondo likanathowedwa monga mwa masiku onse. Mayi Falesi analiona khomolo, analilakalaka ndi mtima wawo wonse. Zinawatengera mphamvu zoposa zimene anaberekera Trust kuti anene mawu otsatira.

“Sindinaiwale. Amayi Nankhoma anafika pomalizira, buku lawo linali pamwamba. Ndinafuna alowe msanga. Ndinkadziwa kuti la pansi ndi la munthu amene wafika mbandakucha. Ndinakuona ukugogoda, kawiri konse, ndili ndi chokolopera m'manja. Ndinkaopa kukalipiridwa.”

Kumunsi kwa chitunda wina ankaitana ng'ombe. Lusiya sanalire, sanakuwe, ndipo mayi Falesi akanakonda akanawamenya ndi ambulera ija. Anangoima, maso ali pa minda.

“Zaka zonsezi,” anatero potsiriza.

“Zaka zonsezi.”

“Ndikamabwera kwanu ndi madzi pamutu, inu mukudziwa.”

“Ndikudziwa.”

Lusiya anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene akuwerenga mabelo a fodya n'kupeza kuti akwana. Kenako anafunsa funso limene mayi Falesi sanalikonzekere, ngakhale maloya onse aja sanaliganizire.

“Ankadwala chiyani amayi Nankhomawo?”

“Lusiya…”

“Ndikufunsa. Mwina anali pafupi kufa. Mwina nawonso anali ndi wowalira. Ankadwala chiyani?”

Mayi Falesi anayang'ana mapazi awo.

“Ankafuna mankhwala opaka. Zidendene zinawang'ambika.”

Lusiya anatsitsa chikwama paphewa. Anachiika pamwala mosamala, pambali pa mwini wake, n'kusanjikapo ambulera kuti isagubuduke.

“Ndikupita kwa abusa kukawauza kuti ndilibe chifukwa pa a Solomoni,” anatero. “Za mwano wawo ndikakamba nawo ndekha, kunyumba kwawo. Zinazo mukanene nokha, ngati mungafike.”

“Nanga ine, mwananga?”

“Mayi anga ali ku Phalombe, a Falesi. Tinawaika komweko.”

Anatembenuka n'kuyamba kukwera, mwamsanga tsopano, poti panalibenso womudikira. Mayi Falesi anamuyang'ana mpaka bulauzi yoyera ija inalowa pa geti ya tchalitchi. Anakhala pamwalapo kanthawi, akulira ngati mwana. Atatha anapukuta nkhope, anakoleka chikwama paphewa, natenga ambulera kuti ikhale ndodo. Chitunda chinali chitatsala theka, ndipo akulu a mpingo anali asanabalalike.